Ndinakanena za chiphuphu koma nkhani yangoti zii: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Mangochi

Kuno ku Mangochi, munthu akalimba mtima n'kukanena kuti wogwira ntchito m'boma wamupempha chiphuphu, chimene chimamufoola kwambiri ndi kudikira. Mvula imagwa n'kukata, chimanga chimalowa m'nkhokwe, nyanja imatsekedwa n'kutsegulidwanso, koma foni yochokera kwa ofufuza osalira. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuthandiza abale ndi anansi kulemba makalata a madandaulo, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene amandipeza pakhonde, pa depoti, ngakhale pasiwa. Ine si loya, choncho pamene pakufunika loya ndanena poyera.

Kodi amene amafufuza za ziphuphu ndani, ndipo ife a kuno timawapeza kuti?

Ntchitoyi ndi ya bungwe lothana ndi ziphuphu ndi katangale la Anti-Corruption Bureau, limene tonse timangoti ACB. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1998. Likulu lake lili ku Lilongwe, maofesi ena ali ku Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Kwa ife yapafupi ndi ya ku Zomba, kudzera pa Liwonde.

Pafupi pamenepa m'pongonena. Mayi wa ku Makanjira kapena ku Katuli amayenera kuyamba wafika pa Boma, kenako n'kukwera ina ya ku Zomba, ndipo nthawi ya dzinja ulendo wotere umadya tsiku lathunthu ndi ndalama ya ndiwo ya mwezi. Mwamwayi dandaulo limatheka kuperekedwa pa foni kapena pa kalata, ndipo a polisi nawonso amalandira nkhani zotere. Mukhoza kudandaula osatchula dzina lanu. Dziwani kokha kuti mukabisa dzina, ofufuza sadzakhala ndi pokupezani akafuna kumva zambiri, ndipo inunso mudzasowa poyambira mukafuna kulondoloza.

Kodi lamulo linaika miyezi ingati yoti kafukufuku akhale atatha?

Silinaike. Apa m'pamene pagona vuto lalikulu, ndipo ambiri amadabwa ndikawauza.

Pali nthawi zina zimene malamulo anaika, koma zambiri zimayamba kuwerengedwa munthu akamangidwa. Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 42, amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo woimbidwa mlandu aweruzidwe m'nthawi yoyenera. Mawu akuti nthawi yoyenera alibe nambala. Khoti ndi limene limayeza, poona kukula kwa mlandu, amene wachedwetsa, ndi mmene kuchedwako kwapwetekera woimbidwa mlandu. Palinso lamulo la kayendetsedwe ka milandu limene limati milandu ing'onoing'ono, ya chilango chosapitirira zaka 3, iyambe kuzengedwa pasanathe miyezi 12. Mlandu wa ziphuphu sulowa m'gulu limenelo chifukwa chilango chake chimafika zaka 12.

Ndiye fayilo imene ili pa desiki ya wofufuza, munthu asanamangidwe, ilibe wotchi yoithamangitsa. Woithamangitsa ndi mwini dandaulo, akuluakulu a bungwelo, ndi chikumbumtima cha wofufuzayo.

Nanga chimachedwetsa kwenikweni n'chiyani?

Zifukwa zilipo zambiri, zina zomveka, zina zosamveka, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa kuti mkwiyo wathu uzigwera poyenera.

Dandaulo likafika silipita kwa wofufuza tsiku lomwelo. Limayamba launikidwa ngati lilidi la ziphuphu. Ambiri mwa madandaulo amene anthu amapititsa kumeneko amakhala mikangano ya malo, malipiro osaperekedwa, kapena nkhani za ufumu, ndipo oterowo amatumizidwa kwina. Lanu likavomerezedwa limakaima pamzere kumbuyo kwa ena, ndipo wofufuza mmodzi amakhala ndi mafayilo ochuluka. Kuti achoke ku Zomba kudzafunsa mboni ku Namwera, ku Malindi kapena ku Monkey Bay pafunika galimoto, mafuta ndi ndalama ya pogona. Akuluakulu a ACB akhala akudandaula poyera za kuchepa kwa ndalama ndi antchito, ndipo tonse tinaona mmene mafuta amasowera m'zaka zapitazi.

Chachiwiri ndi mtundu wa mlandu womwewo. Wakuba mbuzi amasiya mapazi. Chiphuphu chimaperekedwa anthu ali awiri, chitseko chili chotseka, popanda lisiti. Ngati ndalama inadutsa ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ofufuza amayenera kulembera makampaniwo n'kudikira yankho. Ngati umboni uli m'mabuku a ofesi imene woganiziridwayo amagwira, amene angatulutse mabukuwo ndi anzake omwe amadya naye nsima ya masana. Fayilo imatha kusowa mwezi umene ikufunika. N'chifukwa chake milandu ya munthu wogwidwa ndalama ili m'manja, ofufuza atakonzekera pasadakhale, imayenda msanga kuposa yonenedwa patapita miyezi.

Chachitatu chili kumakhoti. Woganiziridwa amene ali ndi ndalama amatha kutenga chiletso, kapena kupempha khoti lalikulu kuti liunike kaye mmene ofufuza agwirira ntchito. Ndi ufulu wake, koma pempho lililonse limadya miyezi. Mlandu ukayamba, lero loya wadwala, mwezi wamawa mboni sinabwere, kenako woweruza wasamutsidwa. Mu 2022 panasintha zinthu ziwiri pofuna kuchepetsa zimenezi: Nyumba ya Malamulo inachotsa lamulo loti ACB izipempha kaye chilolezo kwa mkulu woimira boma pa milandu, DPP, isanayambe kuzenga mlandu, ndiponso kunakhazikitsidwa nthambi ya khoti lalikulu yoona milandu ya zachuma. Zonse ziwiri n'zabwino. Koma kalaliki wopempha kangachepe pa kauntala sakafika ku nthambi imeneyo kawirikawiri, nkhani yake imathera kwa majisitireti.

Chachinayi ndi chimene anthu amanong'ona: kuti fayilo ina imagonekedwa dala chifukwa mwini wake ali ndi msana. Sindinganene kuti fayilo iliyonse yochedwa yagonekedwa dala, kungakhale kunamizira anthu amene ena mwa iwo amagwira ntchito movutika. Koma mkulu wa ACB amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko n'kuvomerezedwa ndi komiti ya aphungu, ndipo zimene zimachitika pampando umenewo zimafika mpaka pa desiki ya wofufuza wamng'ono. Martha Chizuma, amene anakhala pampandowo kuyambira 2021 mpaka 2024, anamangidwapo m'bandakucha mu December 2022 ali pa ntchito yomweyo. Atachoka, mpandowo unakhala nthawi yaitali uli ndi wongogwirizira. Wofufuza amene akuona zoterezi amayenda mosamala kwambiri akagwira fayilo ya munthu wamphamvu.

Akuluakulu amati mlandu suwola. Bwanji osangodekha?

Mlandu suwoladi. Umboni ndi umene umawola, ndipo umawola msanga ngati usipa wa pa dzuwa la mitambo.

Malume anga ndi msodzi wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Panali chikalata china chimene chinkafunika chidindo pa ofesi ina ya boma, imene sinditchula. Anayenda maulendo atatu. Ulendo wachinayi bambo wa pa desiki anawauza motsitsa mawu kuti, "Madala, mukungodzivutitsa. Pezani ya fanta, mawa chituluka." Ya fantayo inali ndalama yokwana kugula ukonde watsopano. Malume anatumiza pa foni, mnyamata wa kabaza amene anawanyamula ataima pambali pawo, ndipo chikalata chinatulukadi m'mawa mwake. Zinawawawa mumtima, ndipo patapita sabata ziwiri tinalemba dandaulo.

Ofufuza anaimba patatha zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Ndinalipo tsiku limene anawafunsa mafunso, titakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa mango.

"Bambo, ndalamayi munatumiza tsiku liti?"

Malume anayang'ana kunyanja nthawi yaitali. "Bwana, inali sabata yachiwiri ya Ramadani."

"Ya chaka chiti, bambo? Nanga uthenga wa ndalamawo ulipo?"

Foni ija inali itagwera m'madzi chaka chapitacho, mwera utagudubuza bwato. Nambala anali atasintha. Mnyamata wa kabaza anali atapita ku Joni, ndipo mayi ake anati amaimba mwa apo ndi apo pa manambala osiyanasiyana. Bambo wa pa desiki uja anali atasamutsidwira boma lina. Wofufuzayo anali munthu waulemu, analemba zonse bwinobwino, koma ndinaona nkhope yake ikugwa pamene ankatseka kope. Malume atawaperekeza alendo anabwerera n'kundifunsa, "Mphwanga, kodi ndanama penapake? Bwanji ndikumva ngati wolakwa ndine?"

Sananame. Anangoiwala monga mmene munthu aliyense amaiwalira. Koma kukhoti, mboni yosakumbukira tsiku imasanduka chakudya cha loya wa mbali inayo. Kuno kwathu vutoli n'lalikulu kuposa madera ena chifukwa anthu athu sakhazikika: achinyamata amapita ku South Africa, asodzi amatsata nsomba kuchoka doko lina kupita lina, amalonda amawoloka pa Chiponde kulowa ku Mozambique. Chaka chilichonse chimene fayilo yagona, mboni imodzi imachoka. Ndiye munthu akandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndimavomera, koma ndimamuuza kuti adekhe cholembera chili m'manja.

Kodi kuchedwa kotere kumagwera milandu ya anthu wamba yokha?

Ayi. Mtsogoleri wakale wa dziko lino, Bakili Muluzi, anamangidwa koyamba mu 2006 pa nkhani ya ndalama zokwana K1.7 biliyoni zimene ankati zinalowa mu akaunti yake. Iye ankakana mlanduwo. Nkhaniyo inayenda m'makhoti mpaka boma linaithetsa mu 2023, patatha zaka 17, popanda khoti kugamula kuti walakwa kapena sanalakwe pa umboni wonse. Kaya munthu amamukonda kaya samukonda, zaka 17 popanda yankho sizinathandize iyeyo, sizinathandizenso dziko.

Nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma yotchedwa Cashgate inaphulika mu September 2013. Amene anavomera milandu yawo anaweruzidwa msanga: Treza Senzani analandira zaka 3 mu 2014, Oswald Lutepo zaka 11 mu 2015. Koma milandu ina ya Cashgate yomweyo inali idakali m'khoti mu 2023. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhani za anthu otchuka zimalembedwa m'nyuzipepala zikachedwa. Ya malume anga palibe amene akanaidziwa.

Ndizichita chiyani pamene ndikudikira?

Gulani kope la ana asukulu, likhale la nkhani imeneyi yokha. Tsiku lomwelo, kapena lero ngati simunatero, lembani tsiku, nthawi, malo, mawu enieni amene ananenedwa, kuchuluka kwa ndalama, ndi amene analipo. Ngati simutha kulemba, uzani mwana kapena munthu amene mumamukhulupirira alembe inu mukunena, m'Chichewa kapena m'Chiyao, chilankhulo chilibe kanthu.

Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba musaufufute. Koperani m'kope nambala yaitali ija ya uthengawo, nambala imene inalandira, ndi dzina limene linaoneka. Ujambuleni ndi foni ina. Nambala yanu musaisiye kufa. Mboni zanu zifunseni nambala ya m'bale wawo wokhazikika pamudzi, kuti zikachoka padzakhale pofunsa.

Popereka dandaulo funsani dzina la amene walilandira ndi nambala ya fayilo, ngati ilipo. Pakatha miyezi itatu muli chete, lembani kalata yaifupi yofunsa pamene nkhani yafika. Ikhale makope awiri, limodzi akudindireni chidindo cha tsiku n'kukubwezerani. Pakatha miyezi ina itatu lembaninso, ndipo mutchule kalata yoyamba ija. Kuimba foni n'kosavuta, koma foni siisiya mapazi. Makalata atatu odindidwa ndi amene adzakutsegulireni chitseko kwa Ombudsman, woona madandaulo okhudza maofesi a boma, kapena kukhoti. M'kalatamo muzinenanso zimene zasintha: kuti mboni ikukonzekera ulendo, kuti woganiziridwa wasamutsidwa, kuti mwaopsezedwa. Nkhani yoti mboni inyamuka mwezi wamawa imatha kudzutsa fayilo yogona.

Zikalata zenizeni musapereke kwa wina aliyense popanda kusunga fotokope ndi kulemba amene watenga.

Ndikafunsa amangoti kafukufuku ali mkati, sangandiuze zambiri. Akuloledwa kutero?

Mbali ina akuloledwa. Ofufuza sangakuuzeni mboni zimene afunsa kapena zimene apeza ku banki, chifukwa zikatuluka woganiziridwa akhoza kukonza bodza lake. Ngakhale lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020 ndipo limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe, limalola kubisa zimene zingasokoneze kafukufuku.

Koma pali mafunso amene sasokoneza kanthu. Kodi dandaulo langa linavomerezedwa kuti lifufuzidwe? Kodi lili ndi wofufuza? Kodi linatumizidwa ku bungwe lina, ndipo ndi liti? Kodi fayilo inatsekedwa? Funsani amenewa, limodzilimodzi, pa kalata. Munthu amene anaika khosi lake pachiswe pokanena ayenera kuuzidwa zimenezi.

Ndingakadandaule kuti za kuchedwa kwenikweniko?

Yambani ndi mkulu wa ofesi imene ili ndi fayilo yanu, kenako mkulu wa ACB ku Lilongwe. Zikakanika, pitani kwa Ombudsman. Ofesi imeneyi ntchito yake ndi kuona ngati maofesi a boma akuchitira anthu chilungamo, ndipo kuchedwa kopanda chifukwa ndi limodzi mwa madandaulo amene imalandira. Salipiritsa. Tengani makalata anu odindidwa aja. Gawo 43 la malamulo aakulu limapatsa munthu aliyense ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu motsata malamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kumupatsa zifukwa polemba pamene chiganizo chake chikumukhudza.

Ngati amene mukumudandaula ndi wapolisi, palinso bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission. Ngati mwaopsezedwa kapena kuchitidwa nkhanza chifukwa chokanena, Malawi Human Rights Commission imamva nkhani zotere. Phungu wa dera lanu akhoza kufunsa funso ku Nyumba ya Malamulo, ngakhale apa muyambe mwaganiza ngati phunguyo sali pa ubale ndi woganiziridwa. Khoti lalikulu likhoza kulamula ofesi ya boma kuti ichite ntchito yake, koma njira imeneyi imafuna loya. Amene alibe ndalama afunse ku Legal Aid Bureau.

Munthu ndinakamunenera uja akadali pa desiki yomweyo. Wina anangosamutsidwa. Zikutheka bwanji?

Pamaso pa lamulo iyeyo ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndipo dandaulo lokha silimuchotsa ntchito. Kawirikawiri amaimitsidwa akamangidwa kapena akatengeredwa kukhoti.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti chilango cha kuntchito ndi mlandu wa kukhoti ndi njira ziwiri zosiyana. Olemba ntchito, kaya ndi unduna, khonsolo, kapena makomishoni oona za aphunzitsi, azaumoyo ndi ogwira ntchito m'boma, ali ndi mphamvu yofunsa wantchito wawo za khalidwe lake. Maofesi ambiri a boma alinso ndi komiti yoona za umunthu ndi chilungamo pa ntchito. Mukhoza kulembera kumeneko, koma yambani mwafunsa wofufuza ngati kutero sikudzamutsina khutu woganiziridwayo nthawi isanakwane. Za kusamutsa ndinene maganizo anga: kuchotsa munthu wodandaulidwa pa Boma n'kukamuika ku Chilipa kapena boma lina ndi kusamutsa vuto kupita kwa anthu amene sakumudziwa. Kumachititsanso kuti wofufuza ayende mtunda wautali.

Ine ndine wogwira ntchito m'boma. Anandiimitsa pa ntchito, chaka chachitatu tsopano, mlandu sukuyenda. Ndili ndi ufulu wanji?

Funsoli limabwera usiku, munthu atayang'ana uku ndi uku, ndipo ndimalilemekeza mofanana ndi ena onse. Si onse onenedwa amene analakwa. Ena ananamiziridwa ndi munthu amene anamukaniza chinthu chosayenera. Ndinachezapo ndi bambo wina woimitsidwa pa ntchito amene m'mawa uliwonse ankavala malaya ositidwa n'kukakhala pa benchi pafupi ndi mlatho wa pa Shire mpaka masana, kuti ana ake aang'ono asadziwe kuti sapitanso kuntchito. Anzake anakwezedwa iye ali pabenchipo. Kumzikiti ndi kumsika anthu anali atamuweruza kale.

Werengani bwino kalata yokuimitsani: yanena chifukwa chanji, yatchula lamulo liti, ndipo yati chiyani za malipiro. Lemberani amene anakuimitsani kupempha kuti aunikenso chiganizocho, ndipo sungani kope lodindidwa. Nkhani ya malipiro ndi kuimitsidwa kosatha mukhoza kupita nayo kwa Ombudsman kapena ku khoti loona za ntchito, Industrial Relations Court. Ngati mlandu uli kale kukhoti ndipo a boma ndi amene amalephera kubweretsa mboni nthawi ndi nthawi, loya wanu akhoza kupempha khoti kuti liike tsiku lomaliza kapena likumasuleni. Lembani tsiku lililonse limene mlandu waimitsidwa ndi amene wachititsa. Inuyo musajombe kukhoti ngakhale kamodzi, ndipo malamulo a belo muwatsate onse, chifukwa khoti poyeza kuchedwa limayang'ananso mbali yanu.

Ngati katundu wanu kapena akaunti ya ku banki inaikidwa chiletso ndi ACB, chiletso chotere chili ndi nthawi yake ndipo kuti chipitirire chimayenera kuwonjezeredwa motsata lamulo. Funsani loya aone ngati chanu chikadali ndi mphamvu.

Chinthu chimodzi musayese: kupita kwa mboni, kapena kutuma m'bale, kukakambirana za mlanduwo. Pamenepo mudzadzipalira mlandu wina umene ungakhale wosavuta kuutsimikiza kuposa woyambawo.

Kwa amene mukadali pa ntchito, kumbukirani kuti lamulo limati wogwira ntchito m'boma akapatsidwa kapena kulonjezedwa chiphuphu akanene ku polisi kapena ku ACB pasanathe maola 48. Kukana kokha n'kukhala chete sikukwanira.

Ndalamazo ndinaperekadi. Ndikalimbikira kulondoloza, sadzandimanga ineyo?

Sindikubisirani: lamulo limaletsa kulandira ndi kupereka komwe. Koma munthu amene anakakamizidwa kupereka kuti alandire thandizo limene linali ufulu wake, n'kupita yekha kukanena, sali pamalo amodzi ndi amene anapereka kuti apambane tenda kapena alande malo a mnzake m'mbali mwa nyanja. Popanda anthu oterewa kukhala mboni za boma, milandu ya ziphuphu singazengedwe n'komwe. Chiganizo cha amene aimbidwe mlandu chili ndi ozenga milandu, choncho ngati mtima ukukayika kambiranani kaye ndi loya. Mukayamba kufotokoza, nenani zonse monga zinachitikira. Osachepetsa mbali yanu, osawonjezera ya mnzanuyo. Kupereka uthenga wabodza ku ACB ndi mlandu pawokha.

Ndipo ngati akupemphani lero koma simunapereke, kanenani musanapereke. Nthawi yabwino kwambiri ndi imeneyo.

Abale ake abwera ndi akuluakulu kudzapepesa, akuti tikambirane pachibale. Ena akundiopseza. Nditani?

Kafukufuku akatalika, izi zimabwera ndithu, chifukwa dzina la wodandaula silikhala chinsinsi kwa zaka m'dera limene tonse timakumana pa zikwati ndi pamaliro. Amabwera madzulo, mwaulemu, atatsogoza munthu amene simungamukanize mpando. "Amayi, mwana uyu ndi wanu yemwe. Akachotsedwa ntchito ana ake adya chiyani? Ndalama yanu nayi, tawonjezerapo ya thiransipoti."

Mawu amenewa amalasa mtima chifukwa mbali ina ndi oona. Alandireni alendowo mwaulemu, madzi akumwa apatseni, koma envulopu musaigwire. Mlandu wa ziphuphu ndi wa boma, si wanu woti mukhoza kuuthetsa pa bwalo la mfumu monga mkangano wa malire a munda. Mukalandira ndalama kuti musinthe mawu kapena musakaonekere kukhoti, mwalowa m'madzi omwewo. Yankho limene ndimalangiza ndi lalifupi: "Nkhaniyi inachoka m'manja mwanga, ili ndi a boma." Akachoka, lembani m'kope amene anabwera ndi zimene ananena, ndipo dziwitsani wofufuza.

Kuopseza ndi nkhani ina. Lamulo la ziphuphu lili ndi gawo loteteza anthu oulula, ndipo kumubwezera munthu chifukwa chokanena ndi mlandu. Kanenani ku polisi ndi ku ACB tsiku lomwelo, sungani mauthenga oopsezawo, ndipo uzani anthu awiri kapena atatu odalirika, kaya ndi shehe, abusa kapena m'bale, kuti musasenze nokha. Chitetezo cha pa pepala sichigona pakhomo panu usiku, ndiye mukaona kuti zafika poipa, kukagona kwa abale masiku angapo si mantha.

Bwanji ndingoitaya nkhaniyi pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp kuti achite manyazi?

Ndikumvetsa chimene chimakufikitsani pamenepo, koma kutchula dzina la munthu amene khoti silinamupeze wolakwa kukhoza kukubweretserani mlandu woipitsa mbiri, ndipo pali lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti limene anthu amangidwapo nalo. Kumamupatsanso mpata wobisa umboni. Kulankhula za kuchedwako, osatchula munthu, ndi nkhani ina: mtolankhani kapena wailesi ya m'dera ikhoza kufunsa ofesi chifukwa chimene madandaulo a ku Mangochi amatengera zaka.

Ndamva kuti mlandu wathetsedwa ndi DPP. Ndiye kuti basi?

DPP ali ndi mphamvu yothetsa mlandu chigamulo chisanaperekedwe, ndipo malamulo aakulu amamulamula kupereka zifukwa zake ku komiti ya aphungu yoona za malamulo pasanathe masiku 10. Mlandu wothetsedwa motere ukhoza kuyambidwanso pasanathe miyezi 6. Ikadutsa, zimakhala zovuta kwambiri. Ngati muli ndi umboni watsopano, kapena mboni imene inasowa yabwerera, nthawi yolemba kalata ndi miyezi imeneyo. Njira ya chilango cha kuntchito ija imakhalabe yotseguka.

Zaka zadutsa. Kodi n'kuthekabe kuti nkhani yanga idzuke?

N'kutheka, malinga ngati fayilo sinatsekedwe, ndipo ngakhale yotsekedwa imatsegulidwanso pakapezeka chatsopano. Mauthenga a ndalama amene anafufutika mu foni yanu amakhala ndi mbiri yake ku kampani ya foni, ndipo ofufuza ali ndi mphamvu yoipempha ngati muwapatsa nambala ndi nyengo yake. Mwezi wa Ramadani wa chaka chilichonse umadziwika masiku ake pa kalendala, chimodzimodzi tsiku la msika, la maliro a munthu wodziwika pamudzi, kapena tsiku limene chikalata chinadindidwa.

Ndi mmene tinachitira ndi malume. Chidindo cha pa chikalata chija chinali ndi tsiku, ndipo ndalama inatumizidwa dzulo lake. Nambala yakale tinaipeza italembedwa ndi makala pakhoma la nyumba yosungiramo maukonde, pamene mdzukulu wawo anailemba kuti asamaiwale. Mnyamata wa kabaza uja anabwera ku tchuthi mu December, ndipo tinatumiza uthenga kwa wofufuza kuti akhala pamudzi sabata zitatu zokha. Anabwera sabata yachitatu n'kumufunsa mafunso. Fayilo ikadali yotsegula, bambo wa pa desiki sanaitanidwebe kukhoti, ndipo kalata yathu yachisanu ndikaipereka ku Zomba mwezi ukubwerawu.